Ndinatsuka Phiko la Eni Ake

Ndisanayambe udalaivala ku wekishopu ya maloboti, makina aja ogwira ntchito okha ngati munthu, ndinagwira ntchito zaka ziwiri m'nyumba ina ku Nuaija, dera lina la mumzinda wa Doha. Ndiyambire pamenepo, chifukwa pakanapanda madamu a m'nyumba imeneyo nkhani ino sikanakhalapo. Mayi aja anali ndi chala, abale inu. M'mawa uliwonse akatsika kuchipinda kwawo, asanalonjere munthu, ankadutsitsa chala cha mkombaphala patebulo, pazenera, padenga la galimoto, kenako n'kuchiyang'ana. Akapeza fumbi sankakalipa ayi. Ankangokuonetsa chalacho, n'kumapita. Bola akanamakalipa. Tsonotu Doha ndi fumbi n'zapachibale: upukute apa, utembenuke, labwerera kale. M'nyumba imeneyo ndinaphunzira kuti fumbi ndi manyazi a wantchito. Ndinalinso ndi khalidwe lina limene ndinachoka nalo kwathu ku Ntcheu, lakuti ntchito yabwino sulengeza. Umasesa pabwalo anthu asanadzuke, ndipo supita kukagogoda kuti dzukani muone ndasesa.

Kontrakiti ya ku Nuaija itatha, ndinapeza malo pa kakampani ka mainjiniya ku Industrial Area. Ntchito yanga inali ya chiwongolero basi. M'mawa kukatenga abwana kunyumba kwawo ku Al Hilal, masana kukagula mabawuti, mawaya ndi guluu, ikakwana teni koloko kukagulira aliyense tiyi wamkaka amene kuno amati karaki pa kakantini ka pakona. Poyerekeza ndi kumene ndinachokera, kunali kutchuthi. Palibe amene ankandionetsa chala.

Anthu amenewa ankapanga loboti yokonza mapiko a makina amphepo. Mwina munawaonapo pa TV, nsanamira zitalizitali zoyera zokhala ndi mapiko atatu ozungulira, zopangira magetsi. Abwana anandifotokozera tsiku lina tili pamzere wa magalimoto kuti mapikowo amadyeka. Mchenga ndi mvula zimanyenya mbali ya kutsogolo, imene imadula mphepo, mpaka pamakhala zilonda, ndipo phiko lazilonda silizungulira bwino. Pokonza, munthu amatsika ndi chingwe kuchokera pamwamba penipeni, ali lende m'malere, sandipepa kumanja, guluu m'thumba. Ndi ntchito yoika moyo pachiswe. Iwo ankafuna kuti loboti izikwera m'malo mwa munthuyo. Ine kuno sindinawaonepo makina amenewa ndi maso, koma abwana ankati fumbi ndi kutentha kwa kuno n'zokwanira: loboti ikapirira ku Doha, ipirira kulikonse.

Choncho anaitanitsa pa sitima chidutswa cha phiko lakale, kutalika kwake ngati maminibasi awiri olumikiza, n'kuchitsamiritsa choimirira pa chimango chachitsulo panja pa shedi. Chinali chotuwa, ndipo m'mbali mwake munali masitepe okwerera. Ife tinkangoti phiko. Loboti yakeyo inali yaikulu ngati wilibala, ya mikono iwiri, wina wopalira, wina womatira. Inali ndi mapazi anayi a labala amene ankayamwa mpweya n'kukakamira paphiko monga amachitira nalimata pakhoma.

Mapazi amenewo anali ntchito ya a injiniya, mayi wachitsikana wochokera ku Tunisia. Anali wamfupi, wovala mpango kumutu ndi majombo aakulu ngati a mwamuna. Tsiku loyamba nditawatsegulira chitseko cha kumbuyo kwa pikapu anaseka, n'kukakhala kutsogolo. Nditawatcha madamu anakana, anati iwo ndi injiniya, madamu ali ku mavila, kunyumba za anthu olemera. Ine ankanditcha brother. Ankadziwa kuti ndili ndi ana atatu ndipo ankakumbukira kuti wamkulu ali Fomu 2. Ndimanena zimenezi kuti mudziwe kuti sanali munthu woti n'kumuchita chipongwe.

Munthu wina woti mumudziwe ndi mdala wa pageti, Mmalawi mnzanga wa ku Machinga, Msilamu, amene anakhala ku Doha zaka zambiri kuposa ine. Anali wosalankhulalankhula. Ine ndinkawatcha ankolo, iwo ankangoti iwe. Ndi iwo okha amene ankandipeza ndikafika m'mamawa kudzatsuka pikapu ndisanapite ku Al Hilal.

Sabata yoyamba phiko litaimikidwa ndinkangolidutsa. Sabata yachiwiri linayamba kufiira ndi fumbi, ndipo mtima sunandilole. Chinthu chodula chonchi, chochokera kutsidya la nyanja, eni ake ophunzira, chizikhala ngati khoma la chigayo? Paipi yamadzi inali kale m'manja mwanga, burashi ya mtengo wautali yotsukira denga la pikapu ili pomwepo. Ndinakwera masitepe aja, ndinathira madzi kuchokera pamwamba, n'kutsika ndikukwecha. Sizinanditengere ngakhale theka la ola. Dzuwa la kuno silichedwa, pofika eyiti koloko phiko linali louma gwa, ndipo kafumbi kopyapyala kanali katagwerapo kale, moti palibe akanadziwa kuti padutsa madzi. Ndinaima patali n'kuliyang'ana, mtima uli mbee. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalitsuka m'mawa uliwonse wa ntchito.

Ankolo ankandionerera ali pampando wawo, atangomaliza swala ya m'mawa. Tsiku lina anandiitana.

"Iwe, anakutuma?"

"Ayi ankolo."

"Nanga?"

"Nanga ndizingoyang'ana uve? Manja ndili nawo, madzi ndi aulere."

"Safunsa anadya phula," iwo anatero, n'kubwerera ku foni yawo.

Ine ndinaseka. Ndinawauza kuti munthu amene duty yake ndi kukhala pampando sangamvetse za ukhondo. Anangopukusa mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Masiku a matesiti ndinkawakonda. Ndikabwera ndi tiyi, a injiniya amakhala atamangirira kale loboti ku chingwe chotetezera chimene chinkachokera pamwamba pa chimango. Ankaikhazika m'munsi mwa phiko, n'kukakhala pansi pa ambulera ndi kompyuta pamwendo. Akati yalla, ndiye kuti tiyeni, mapazi ankayamba: limodzi phwii, lasiya, lasuntha, khwa, lagwira, kenako linzake. Inkakwera mosathamanga. Ikafika pachilonda inkaima ngati ikuganiza, mkono wopalira n'kuyamba kulira, kaufa koyera kakugwa. Kenako mkono winawo unkamata phala lotuwa n'kusalaza bwinobwino, kuposa amisiri ena amene ndinawaona akupaka pulasitala kwathu. Ine ndinkaima pamthunzi wa shedi ndi kapu yanga, kuiwala kuti tiyi akuzizira. Abwana ankatuluka muofesi, manja kumbuyo, n'kumangogwedeza mutu.

Pakhoma la shedi panali kabolodi pamene a injiniya ankalembapo nambala m'mawa uliwonse: masiku makumi atatu panja, makumi asanu ndi limodzi panja, mpaka anapitirira zana. Ine ndinkaona ngati akuwerenga masiku chibwerere phiko, monga mmene timawerengera miyezi ya khanda. Tsiku lina anasisita phiko ndi chikhatho, n'kuyang'ana dzanja lawo. "Brother," anatero, "fumbi la ku Doha ndi laulemu kuposa mmene ndinkaganizira." Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinkaganiza kuti adziwa, ndipo akundiyamikira mozungulira, monga amachitira anthu ophunzira. Ndinangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Miyezi inayi yathunthu loboti ija sinatererekepo ngakhale kamodzi.

Kenako kunamveka kuti kukubwera alendo, akuluakulu atatu a kampani ina imene ili ndi makina amphepo enieni kudziko lina. Akakhutira, loboti ikayesedwa kwawoko, pansanamira zenizeni. Wekishopu yonse inali yakaliyakali. Alendowo anayenera kudzaona Lamlungu, limene kuno ndi tsiku loyamba la ntchito. Lachisanu ndi Loweruka kunaomba shamali, mphepo ya kumpoto ija imene imasandutsa thambo lachikasu mpaka mchenga umalowa m'mano. Lamlungu m'mawa sindinadzere ku wekishopu. Abwana anandiuza kuti ndipite molunjika ku Al Hilal, nditenge galimoto yawo yaikulu, tikatenge alendo ku hotela. Njira yonse ndinkadandaula chamumtima kuti alendo akapeza phiko lauve, manyazi ake. Imeneyo ndiyo inali nkhawa yanga, tangoganizani.

Titafika, phiko linali lofiira ndithu. A injiniya sanade nalo nkhawa. Anauza alendo kuti aone okha, phikoli lakhala panja miyezi inayi, ndipo loboti ikwera pomwepo. Anati yalla. Loboti inayamba bwino, phwii, khwa, phwii, khwa, koma ine amene ndinaimva kambirimbiri ndinazindikira kuti kulira kwa mapazi kwasintha, kunali ngati munthu wopuma ndi chimfine. Itafika pakati, phazi lina lakumbuyo linatsetsereka pang'ono. Inaima. Mkono wopalira utangoyamba kulira, mapazi onse anasiya nthawi imodzi. Chingwe chinaigwira isanafike pansi, koma inazendewera n'kukamenya chimango, phwa! Mkono umodzi unathyoka n'kugwera pakonkire. Mlendo wina anatsokomola, n'kuyang'ana wotchi yake.

Titawasiya alendo ku hotela, abwana ndi a injiniya anakhala kumbuyo kwa galimoto, ine ndikuyendetsa. Ankalankhula Chingerezi, motsitsa mawu, ngati dalaivala alibe makutu.

"Munandiuza kuti mapazi awa amagwira pafumbi," anatero abwana.

"Amagwira. Malipoti onse mwawaona."

"Ndawaona. Masiku oposa zana panja, phiko losatsuka, fumbi lonse lili pomwepo, osaterereka. Ndi chifukwa chake tinaliika panja, kuti lide. Lero n'chiyani?"

"Sindikudziwa," a injiniya anayankha. "Ndikulumbira, sindikudziwa."

Mawu akuti losatsuka anandilowa ngati madzi ozizira kumsana. Kabolodi kaja, manambala aja, fumbi laulemu lija, zonse zinabwera pamodzi. Anthuwa ankalisunga dala fumbilo. Fumbi ndilo linali mayeso. Ine m'mawa uliwonse ndinkafufuta mayeso a eni ake ndi burashi ya pikapu, n'kumadzitama mumtima. Ndinatsala pang'ono kudutsa pa getsi lofiira.

Pamenepo m'pamene ndikanalankhula. Ndikanangoti pepani bwana, ndine. Pakamwa ndinatsegula ndithu, koma ndinaona nkhope ya abwana pagalasi ndipo ndinatsekanso. Ndinachita mantha, palibe dzina lina. Viza yanga inali ya kampani imeneyo. Ndinali nditaonapo anzanga akukwezedwa ndege pa zifukwa zochepa kuposa apa, wina chifukwa chokanda chitseko cha galimoto. Nanga ine amene ndathyola mkono wa loboti ndi kuthamangitsa alendo? Ndinaganiza za ana atatu ali pasukulu. Ndinadziuza kuti anthuwa ndi ophunzira, apeza okha chavuta, akonza, zitha.

Mawa lake ndinatsuka pikapu yokha. Paipi ndinaikulunga bwinobwino, burashi n'kukaibisa kuseri kwa shedi. Ndinkaganiza kuti ndikasiya ndiye kuti ndakonza. Sindinaganize kuti kusiyako n'kumene kuwamalize a injiniya.

Mkono anaulumikiza m'masiku atatu, matesiti n'kuyambiranso. Loboti inaterereka tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, tsiku lililonse, chifukwa tsopano fumbi linali lenileni ndipo linkawonjezeka. A injiniya anaona msanga kuti vuto ndi fumbi, limalowetsa mpweya m'mphepete mwa mapazi. Chimene chinawazunguza mutu n'chakuti nanga miyezi inayi yonse ija zinkatheka bwanji. Anaganiza kuti labala wauma ndi dzuwa, anandituma kukatenga watsopano. Ndinapita, ndikudziwa kuti ndikupita pachabe. Anasintha pampu, anasintha mapaipi a mpweya, anabwerera ku malipoti awo akale n'kumawerenga mzere ndi mzere. Anasiya kumwa tiyi. Ndikawaikira pambali ankati zikomo brother osadzutsa mutu, ndipo madzulo ndinkakamutaya ali wodzaza. M'galimoto anasiya kufunsa za ana anga, ankangoyang'ana kunja.

Ndisaname, ganizo lina loipa linandibwerera kangapo, loti ndingolitsukanso phikolo mwakachetechete. Loboti ikwera, a injiniya amwetulira, abwana akhazikika mtima. M'mawa wina ndinafika potulutsa burashi kuseri kuja. Koma ndinaganiza za tsiku limene loboti adzaikweze pansanamira yeniyeni, pamwamba pa mitu ya anthu, kopanda wotsuka. Burashi ija ndinaibweza.

Ankolo anaona zonsezo. Tsiku limenelo anandiitana, n'kundisunthira mpando wawo wachiwiri, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Wasiya ukhondo," anatero.

"Ankolo, musandiseke. Ndili m'madzi."

"Sindikuseka. Mwana wa eni ake uja, injiniya wanuyo, akuonda, ukumuona?"

"Ndikumuona. Koma ndikanena, khalas, zanga zatha, andicancela viza. Ana anga adya chiyani?"

"Mwina akucancela, mwina ayi. Zimenezo adziwa ndi Mulungu. Ine sindikanena, pakamwa ndi pako. Koma mlandu suwola, iwe. Ukauika pansi pa bedi umangokudikira."

Ndinawakwiyira. Ndinati n'zosavuta kulalikira munthu ana ako atakula kale. Kwa masiku angapo ndinkalowa pageti osawalonjera bwino, ine munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Sabata yachitatu ikutha, abwana anaitanira a injiniya muofesi. Chitseko chinali chotseka, koma makoma a kumeneko ndi malata. Sanakalipe. Anangonena kuti aganiza mokwanira, ndipo pali njira ziwiri zokha: mwina malipoti a miyezi inayi aja anali olakwika, kapena anali okometsera. Mulimonsemo sangapitirize ndi munthu amene manambala ake sangawakhulupirire. A injiniya anatuluka nkhope ili gwa. Anafufuta kabolodi kaja ndi dzanja, n'kuyamba kulongedza mabuku awo m'katoni. Anapatsidwa mwezi woti akonzekere, koma anati sadikira, anyamuka Lachinayi. Woti awaperekeze ku eyapoti ndinali ine.

Ndinakawatenga cha m'ma naini m'mawa. Masutikesi awiri ndi katoni ija ndinakweza kumbuyo. Anakhala kutsogolo monga mwa masiku onse. Kunja kunali kowala bwino, msewu wopanda magalimoto ambiri. Tinayenda mpaka zikwangwani za eyapoti zitayamba kuoneka. Kenako iwo anatsegula kachikwama, n'kutulutsa kabokosi ka zolembera ndi kampasi ya masamu.

"Mupatse wa Fomu 2 uja," anatero. "Umuuze kuti masamu asawaope."

Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinapatutsa pikapu pambali pa msewu, n'kuyatsa mahazadi.

"A injiniya, ndili ndi mawu. Phiko lija ndinkalitsuka ndine."

Anandiyang'ana ngati sanamve.

"M'mawa uliwonse, musanabwere. Kuyambira sabata yachiwiri mpaka alendo aja asanabwere. Tsiku la alendo sindinatsuke chifukwa ndinali ku hotela. Loboti itagwa ndinasiyiratu. Sindinkadziwa kuti fumbilo mumalifuna. Ndinkaona ngati ndikuthandiza."

Magalimoto ankatidutsa, pikapu n'kumagwedezeka. Funso loyamba limene anafunsa linandidabwitsa.

"Ndi sopo?"

"Ayi, madzi okha ndi burashi."

"Kuchokera pamwamba?"

"Eya, kutsika m'munsi."

Anatseka maso, milomo ikuyenda ngati akuwerengera. Kenako anaseka, kuseka kwakufupi kopanda chimwemwe. "Ndiye kuti manambala anga anali olondola," anatero. "Ndinkayeza phiko loyera." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango. Atawavalanso anandifunsa kuti ndinadziwa liti kuti vuto ndi limeneli.

Ndikanatha kunama kuti dzulo. Ndinati, "Tsiku lomwe lija, m'galimoto, pochokera ku hotela."

"Masabata atatu apitawo."

"Eya."

"Brother," anatero, mawu ali pansipansi, "kutsukako si mlandu. Ndine amene sindinakuuze, ndinayenera kuika chikwangwani. Ukananena tsiku limenelo, bwenzi titaseka, ine n'kuika kaburashi kutsogolo kwa mapazi, basi. Koma masabata atatu ndakhala ndikuganiza kuti mutu wanga wasokonekera. Ndinawaimbira mayi anga n'kuwauza kuti mwina sindine injiniya, mwina ndinangopita kusukulu pachabe. Iwe unkandibweretsera tiyi."

Ndinati pepani, kenako pepaninso, mawu ochepa ngati amenewo. Ndinawapempha kuti tibwerere, tikawauze abwana limodzi, ndege ina adzakwera tsiku lina. Anapukusa mutu. Anati munthu amene wakuyesa wabodza kamodzi, ngakhale apepese, tsiku lina manambala akadzavuta adzakuyang'ananso ndi diso lomwelo. Anandiuza kuti ndiyendetse, angachedwe.

Titafika potsitsira anthu ndinathamangira kumbuyo kukatsitsa katundu. Nditagwira sutikesi yoyamba anati, "Siya, ndinyamula ndekha." Sanakweze mawu. Anakweza okha zonse pa kangolo, mayi wamfupi ndi majombo ake, n'kulowa pa zitseko zagalasi osacheuka. Kabokosi ka zolembera kaja anakasiya pampando.

Kuchoka apo sindinabwerere ku wekishopu. Tsiku limenelo abwana anali kunyumba, choncho ndinalunjika ku Al Hilal. Ndinawapeza m'munda mwawo akuthirira timitengo ta mandimu. Ndinavula chipewa, n'kunena zonse kuyambira pachiyambi, nditaimirira padzuwa. Ndinali nditakonzeka kumva kuti ndikalongedze. Iwo anatseka mpopi, anakhala pakhonde, n'kugwira mutu ndi manja awiri. Atadzutsa nkhope sanayang'ane ine. Anatulutsa foni n'kuimbira a injiniya, koma inali yotseka. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Kenako anati, "Ine ndinamutcha wabodza mwana uja." Za ine anangoti ndipite, tionana Lamlungu.

Lamlungu linafika, palibe anandithamangitsa. Abwana anandiuza kuti ndiwaonetse mmene ndinkatsukira, ndipo ndinakwera masitepe ndi burashi yanga mainjiniya ena awiri akujambula pa foni. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Ndinamva pambuyo pake kuti abwana analemba kalata yopepesa, yowapempha a injiniya kuti abwerere. A injiniya anayankha mwaulemu kuti ayi, koma anatumiza chojambula cha kaburashi kozungulira ndi kapaipi kouzira mpweya, zoika kutsogolo kwa phazi lililonse. Anaziika anthu ena. Phiko analisiya panja miyezi ina itatu, atalizunguliza ndi tepi yofiira ndi chikwangwani cha zilankhulo zinayi, ndipo loboti inakwera pafumbi lenileni osaterereka. Ankolo sananene kuti ndinakuuza. Anangondisunthiranso mpando uja, tinamwa tiyi.

Chaka chathachi loboti inapita kudziko la alendo aja. Mmodzi wa mainjiniya anatitumizira kavidiyo: nsanamira yoyera pakati pa chipululu, phiko lenileni litaloza pansi, ndipo pamwamba penipeni kanthu kakang'ono kakukwera pang'onopang'ono. Ku wekishopu anthu anaomba m'manja. Ine ndinatuluka panja. Ntchito yanga, imene ndinkaiteteza ndi kukhala chete kuja, ndikadali nayo mpaka lero, ndipo zikuoneka kuti sinali pangozi n'komwe. Amene anataya malo ndi munthu amene sanalakwe kanthu. Zimenezi zimandiwawa, ndipo sindikuganiza kuti zidzasiya.

Nambala yawo ndinali ndikadali nayo. Madzulo ake, nditaweruka, ndinakhala m'pikapu n'kuwatumizira kavidiyo kaja. Ndinalemba ndi kufufuta kangapo, mpaka ndinangosiya mawu ochepa: mapazi anu agwira, a injiniya, pepani. Posakhalitsa foni inasonyeza kuti awerenga. Ndinadikira pamenepo injini ili chizimire mpaka ankolo anabwera kudzagogoda pagalasi kuti akufuna kutseka geti. Sanayankhe tsiku limenelo, ndipo sanayankhebe.